Mphaka pabedi: mafunso ndi mayankho kwa oweta amphaka ku Mzuzu

Kukayamba kuzizira kuno ku Mzuzu, mphaka sachedwa kudziwa komwe kuli bulangete. Oweta amphaka ku Chibavi, ku Katoto, ku Luwinga ndi ku Mchengautuwa amafunsa mafunso ofanana chaka ndi chaka, ndipo m'mabanja ena nkhaniyi imabutsa mkangano weniweni. Maganizo anga ndi awa: munthu wamkulu wathanzi angathe kugona ndi mphaka wosamalidwa bwino popanda vuto. Koma zimadalira kuti mphakayo ndi wotani, pabedipo pagona ndani, komanso neti ili bwanji.

N'chifukwa chiyani mphaka wanga amakakamira pabedi chonsecho ndinamukonzera pogona pake?

Choyamba akufuna pofunda. Thupi la mphaka limatentha kuposa lathu, pakati pa madigiri 38 ndi 39, pomwe la munthu limakhala cha pa 37. Kuti kutentha kumeneku kusatayike, amangosakasaka pofunda: masana padzuwa pakhonde, madzulo pambali pa mbaula. Mzinda wathu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Katoni yomwe munamuikira pasimenti singapikisane ndi bulangete lomwe muli munthu.

Chachiwiri akufuna pobisala. Amphaka oweta anachokera ku mphaka wakutchire wa kuno ku Africa ndi ku Middle East, kanyama kamene kamasaka koma nakonso kamasakidwa. Kakafuna kugona kamasankha malo okwera, pomwe pali fungo lodziwika. Mphaka akagona tulo tofa nato pambali panu, ndiye kuti wakukhulupirirani. Ubwenzi umenewu si wa lero. Pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa moyandikana ndi mphaka.

Kupondaponda bulangete ndi miyendo yakutsogolo kuja ndi chizolowezi cha kuubwana, pomwe ankapondaponda bere la mayi ake kuti mkaka utuluke. Sakuwononga dala.

Mundiuze mosapita m'mbali: ndingadwale?

Mungathe, koma sizichitika kawirikawiri ngati mphakayo ali ndi katemera, alibe utitiri, ndipo amamwa mankhwala a njoka za m'mimba. Mu 2011 akatswiri awiri, Bruno Chomel ndi Ben Sun, anasonkhanitsa nkhani za anthu amene anatenga matenda chifukwa chogona ndi ziweto, kuzipsompsona kapena kunyambitidwa nazo. Matenda anapezekadi, ena oopsa, ndipo amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ana aang'ono ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika.

Vuto la kwathu kuno ndi lakuti amphaka ambiri ndi oyendayenda. Amaswera kudzala, amagwira makoswe kudenga, amamenyana ndi amphaka a kwa aneba, kenako n'kubwera kudzakwera papilo. Mphaka wotere, ngati sanaonedwepo ndi a vetenale chibadwire, ine sindingamulole pabedi, ngakhale akhale wokondedwa chotani.

Agogo amati ukameza ubweya wa mphaka umadwala chifuwa chachikulu. Ndi zoona?

Ayi. TB imayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium tuberculosis, kamene kamafala mumpweya munthu wodwala akamatsokomola. Ubweya suyambitsa TB. Amene watsokomola milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku kapena akuonda, apite akayezetse makhololo. Kuthamangitsa mphaka sikungamuchize.

Komabe agogowo anaona chinthu chenicheni. Pali anthu amene thupi lawo limadana ndi amphaka: amayetsemula, maso amafiira ndi kuyabwa, ena amabanika. Chimene chimachititsa ndi kanthu kotchedwa Fel d 1, kopezeka m'malovu ndi pakhungu la mphaka. Akamadzinyambita kamamatirira kuubweya, kakauma n'kumauluka m'nyumba ndi kukakamira kumabulangete kwa miyezi. Ngati pakhomo pali wa mphumu, makamaka mwana, mphaka asalowe m'chipinda chimene iye amagona. Pamenepa palibe zokambirana. Munthu amakhala maola ambiri akupuma mpweya wa kuchipinda, ndipo mphumu imavuta kale nyengo yozizira.

Tikumadzuka ndi tizilonda toyabwa m'miyendo. Kodi ndi mphakayu?

Mwina ndi utitiri, ndipo ili ndiye vuto lalikulu pa onse okhudza mphaka pabedi. Utitiri umakonda kuluma m'miyendo ndi m'chiuno, malo angapo moyandikana. Nsikidzi nazo zimaluma usiku, koma izo sizikhala pathupi la mphaka. Zimabisala m'misoko ya matiresi ndi m'ming'alu ya bedi, choncho yang'anani kumeneko musanaweruze.

Kuti mudziwe, muimikeni mphaka papepala loyera n'kumupesa kumsana chakumchira. Pakagwa timadontho takuda, dontheziranipo madzi. Tikasanduka tofiira, amenewo ndi magazi amene utitiri unayamwa.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti utitiri umene mukuuona pamphaka ndi kachigawo kochepa chabe. Waukazi umodzi umatha kuikira mazira mpaka 50 patsiku. Mazirawo samamatira kuubweya, amagwera pomwe mphaka wagona: pabulangete, pamkeka, pampando, m'ming'alu ya pansi. Akaswa, timphutsi take timabisala mumdima, ndipo tikadzikulunga timatha kudikira miyezi ingapo kufikira titamva kutentha kwa nyama kapena kwa munthu. N'chifukwa chake munthu amasambitsa mphaka lero, pakatha milungu iwiri utitiri wabwereranso, iye n'kumati mankhwala ndi abodza.

Utitiri sungoyabwa chabe. Umafalitsa pakati pa amphaka kachilombo ka Bartonella, kamene kamalowa mwa munthu mphaka akamukala. Pakapita mlungu umodzi mpaka itatu, munthu amatupa mwanabele m'khwapa kapena m'khosi, nthawi zina ndi kutentha thupi. Umanyamulanso njoka za m'mimba zaphanthiphanthi, zimene mwana wokwawa angatenge akameza utitiri mwangozi.

Choncho thirani mankhwala pamphaka mwezi ndi mwezi, ziweto zonse za pakhomo nthawi imodzi, galu yemwe. Chapani zofunda ndi madzi otentha kwambiri, sesani bwino kunsi kwa bedi, yanikani matiresi padzuwa. Ndikudziwa kuti kuno dzuwa limasowa, mvula imatha kuwaza mpaka mu Epulo ndi Meyi, bulangete n'kukhala pachingwe masiku osauma. Njira yosavuta ndi kuyala chitenje chakale pamwamba pa bulangete pomwe mphaka amakonda kugona. Chitenje chimachapika msanga, chimauma msanga, ndipo mungachisite kuti mazira afe.

Ndili ndi mankhwala a nkhupakupa a galu. Ndingamuthire mphaka?

Chonde musatero. Mankhwala ambiri a agalu ali ndi permethrin, ndipo chiwindi cha mphaka chimalephera kuchotsa poizoni ameneyu m'thupi. Mphaka amayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kukomoka, mwinanso kufa. Dibi wa ng'ombe, mankhwala a ufa othira m'chimanga, palafini ndi mankhwala opopera mphemvu, zonsezi zisakhudze mphaka. Kumbukirani kuti chilichonse chimene mwamupaka amachinyambita.

Gulani mankhwala olembedwa kuti ndi a amphaka, monga odonthezera pakhosi kumbuyo okhala ndi fipronil kapena imidacloprid, ndipo funsani a vetenale za mlingo wake, makamaka ngati ndi kamwana. Galu mukamuthira ake, asagonane ndi mphaka mpaka aume.

Ndionjezere chimodzi pomwepa, poti chimapha amphaka ambiri a anthu achifundo: Panado. Mphaka akadwala musamupatse, ngakhale kachidutswa. Paracetamol amawononga magazi ndi chiwindi cha mphaka.

Nanga neti? Mphaka wanga amaikwera ndi kuiboola.

Funso ili ndimaliona kukhala lofunika kuposa mmene anthu amalitengera. Ena amati ku Mzuzu n'kozizira, udzudzu ndi wa ku Nkhata Bay ndi ku Karonga. Malungo aliponso kuno, ndipo udzudzu wa Anopheles umene umawafalitsa umaluma usiku, nthawi yomweyo imene mphaka akulowa ndi kutuluka. Chibowo cha zikhadabo chimakula msanga neti ikamakokedwa. Komanso nthawi iliyonse imene mwadzuka kuti mumutsegulire, neti imatuluka kunsi kwa matiresi, ndipo munthu wa tulo sakumbukira kuibwezeretsa.

Mukaika pasikelo matenda onse ochokera kwa mphaka mbali ina, malungo mbali ina, malungo ndi amene amapha anthu ambiri m'dziko muno. Ndiye ngati mphaka ndi neti sizikugwirizana, neti ipambane. Mphaka agone kunja kwa neti, pampando kapena m'basiketi pambali pa bedi, kapena atuluke m'chipindamo. Masana pindirani neti m'mwamba kuti asamaseweretse. Zibowo zisokeni tsiku lomwelo ndi singano ndi ulusi.

Ena amafunsa ngati mankhwala a muneti angaphe mphaka, popeza ndi a gulu limodzi ndi permethrin uja. Mlingo wake ndi wochepa ndipo unalowerera mu ulusi, choncho kungoikhudza si chimodzimodzi ndi kumuthira mankhwala a galu. Koma mphaka wokonda kutafuna neti mutalikitseni. Neti yatsopano iyanikeni pamthunzi tsiku lathunthu musanaipachike, monga amalangizira a zaumoyo.

Chiwewe si cha agalu okha?

Si cha agalu okha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Koma mphaka woyenda usiku angalumidwe ndi galu wachiwewe inu osadziwa, ndipo iye ndi amene amagona pafupi ndi nkhope yanu.

Katemera amayamba mphaka akakwana miyezi itatu, ndipo kuno ndi bwino kubwereza chaka chilichonse. A zaziweto akalengeza za katemera m'dera lanu, kapena chakumapeto kwa Seputembala pomwe pa 28 dziko lonse limakumbukira za chiwewe, musatenge galu yekha. Mphaka muikeni m'katoni yoboola kapena m'basiketi yotseka, chifukwa m'manja angakupulumukeni akaona agalu. Sungani chiphaso cha katemera.

Akakulumani kapena kukukalani mpaka magazi, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Mapale, ku St John's kapena ku Mzuzu Central. Dziwitsaninso a vetenale. Mphakayo musamuphe, mutsekereni kuti aonedwe kwa masiku 10. Mphaka wofatsa amene wangoyamba ukali, akutuluka dovu kapena akulephera kuyenda, musamugwire ndi manja. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, kuchira kulibe.

Ngakhale mphaka wa katemera, kuluma kwake sikochepa. Mano ake ndi osongoka, amalowetsa tizilombo mkati, bala n'kutseka pamwamba. Dzanja likatupa ndi kufiira mkati mwa tsiku limodzi, mukufunika mankhwala a kuchipatala, mwinanso jakisoni wa kafumbata.

Ndili ndi khanda. Mphaka ndi wofatsa kwambiri.

Ayi, mayi. Kufatsa kwake si nkhani. Mphaka amafuna pofunda, ndipo khanda ndi lofunda. Akagona pafupi ndi nkhope, khanda silingamukankhe kapena kutembenuka. Chitseko cha chipinda chimene mwana wagona chikhale chotseka, masana omwe pomwe inu muli panja kuchapa. Mlezi wa mwana ndi azikulu ake auzeni zomwezi.

Ndine woyembekezera, ndipo apongozi akuti mphaka achoke pakhomo.

Apongoziwo akudera nkhawa mdzukulu wawo, ndipo nkhawa yawo ili ndi maziko. Pali matenda a toxoplasmosis amene angavulaze mwana m'mimba ngati mayi awatenga koyamba ali ndi pakati. Koma njira yake si kusisita mphaka. Kachilomboko kamatuluka m'chimbudzi cha mphaka, ndipo kamafunika tsiku limodzi mpaka asanu kali panja kuti kayambe kupatsirana. Mphaka amakatulutsa kwa mlungu umodzi mpaka itatu, kawirikawiri atangokatenga koyamba. Anthu ambiri amakatenga podya nyama yosapsa bwino, ndiwo zamasamba zosatsuka, madzi osatetezeka, kapena pogwira dothi la kudimba kenako n'kudya osasamba m'manja. Amayi amene amalakalaka kudya dothi akakhala ndi pakati alingalire bwino pamenepa, chifukwa amphaka amakwirira chimbudzi chawo m'dothi.

Mphaka asachoke. Ntchito yochotsa chimbudzi chake aigwire bambo a kunyumba tsiku lililonse, kanyenya apse bwinobwino, ndipo musatole kamphaka katsopano miyezi imeneyi. Za pabedi, ndi nzeru kuyamba kumuchotsapo panopa kuti mwana akadzabadwa adzakhale atazolowera kale kugona kwina.

Ndimamwa ma ARV. Ndisiye kuweta mphaka?

Musasiye. Kwa munthu wokhala yekha, kanyama kamene kamamulandira akafika pakhomo ndi chitonthozo chachikulu, ndipo ine sindichipeputsa. Amene akumwa mankhwala mokhulupirika ndipo chitetezo chakwera, chiopsezo chake n'chochepa. Bactrim amene amaperekedwa kuchipatala amathandizanso kuteteza ku toxoplasmosis. Koma ngati CD4, yomwe ndi muyeso wa chitetezo cha m'thupi, ili pansi, kapena mukulandira mankhwala a khansa, mphaka agone pake kufikira a dokotala atakuuzani kuti thupi labwerera. Pewani masewera okalana, musalole kuti anyambite chilonda, ndipo posankha mphaka tengani wopitirira chaka chimodzi, chifukwa tiana ndi timene timakala kwambiri ndi kunyamula Bartonella.

Mwana wanga wachita chipere. Wachitenga kwa mphaka?

N'zotheka, makamaka ngati pakhomo pabwera kamphaka katsopano. Yang'anani kumakutu, kunkhope ndi kumapazi kwake ngati pali malo ozungulira othothoka ubweya. Amphaka ena amanyamula chipere osaonetsa kanthu. Koma ana amapatsirananso kusukulu ndi kometetsa, pobwerekana zipeso ndi zipewa. Chipere cha pakhungu chimamva mankhwala opaka, cha m'mutu chimafuna akumwa. Mwana ndi mphaka alandire chithandizo nthawi imodzi, ndipo asagone pamodzi mpaka onse atachira.

Amandidzutsa 4 koloko m'mawa tsiku lililonse.

Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 patsiku, koma mphamvu zake zimabwera m'bandakucha ndi chisisira, nthawi imene makoswe amayenda. Mukadzuka n'kumupatsa chakudya kuti akhale chete, mwamuphunzitsa kuti kulira kumabweretsa usipa, ndipo mawa ayambanso. Sewerani naye madzulo ndi kachingwe mpaka atope, mupatseni chakudya chokwanira musanagone, ndipo m'bandakucha musamuyankhe. Ngati tulo tanu tikuwonongekabe, inu amene mumalawirira ku msika kapena kuntchito, ameneyo ndi mphaka wogona pabalaza.

Anandibweretsera khoswe wakufa pabedi.

Amabweretsa nyama yake pomwe amaona kuti ndi kwawo. Musamumenye, sangamvetse. Chotsani khosweyo ndi pepala la pulasitiki, osati ndi manja, mukwirireni, chapani zofunda. Mphaka wosaka amafunika mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse, osachepera apo.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi tameki. M'nyumba za lendi zoyandikana, mmodzi akathira poizoni wa makoswe, mphaka wa mnzake ndi amene amatola khoswe wofooka. Kambiranani ndi aneba ndi alandilodi kuti azikuuzani asanathire, mumutsekere mphaka m'nyumba masiku amenewo. Ndipo musamusiye ndi njala poganiza kuti agwira makoswe ambiri. Mphaka wokhuta amasakabe. Nsima ndi msuzi zokha sizimukwanira, thupi lake limafuna nyama kapena nsomba. Anyezi amamuwononga magazi, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu, zomwe pabedi simungazifune.

Anthu akundinena kuti kugona ndi mphaka, makamaka wakuda, ndi za ufiti.

Nkhani imeneyi imapweteka, ndipo amene amavutika nayo kwambiri ndi agogo okhala okha, amene mphaka ndiye mnzawo. Zimene zimaopsa anthu pa mphaka zili ndi zifukwa zake. Maso amawala mumdima chifukwa kuseri kwa diso kuli kachikopa kobweza kuwala, kamene kamamuthandiza kuona usiku, ndipo agalu ndi ng'ombe nazo zili nako. Kulira konga kwa khanda pakati pa usiku ndi mphaka wamkazi amene akufuna wamwamuna, kapena amuna akulimbirana. Kuda ndi mtundu wa ubweya basi.

Malamulo a dziko lino, kuyambira ndi lamulo la za ufiti la 1911, amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ngati zafika poopsezana kapena pogenda nyumba, kanenani kwa amfumu kapena kupolisi msanga.

Phokoso la usikulo limachepa mukapita naye kwa a vetenale kuti wamkazi amutseke ndipo wamwamuna amuthene. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, bere limatenga masiku pafupifupi 65, ndipo ena amasankha kuswera m'zovala kapena pabedi la mwini wake. Mphaka wothena sayendayenda kwambiri, samenyana kawirikawiri, choncho amabwera ndi matenda ochepa.

Amuna anga sakumufuna pabedi, koma anazolowera kuyambira ali kamwana. Ndingatani?

Bedi ndi la anthu awiri, ndipo amene sakugona bwino ali ndi ufulu wonena. Mukonzereni mphaka malo abwino kuposa apoyamba: katoni kapena basiketi pamalo okwera, kutali ndi mphepo ya pachitseko, mkati muli juzi lanu lakale losachapa kuti amve fungo lanu. Mu Julayi mungaikemo botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Mbaula yoyaka musamusiyire m'chipinda chotseka, utsi wa makala umapha mphaka ndi anthu omwe. Tsekani chitseko usiku uliwonse. Adzalira ndi kukanda kwa masiku angapo, ndipo mukangomutsegulira kamodzi, mwayambiranso poyamba. Nonse awiri mugwirizane, ana omwe.

Wayamba kukodza pabedi. Akundikwiyira?

Mphaka sabwezera. Mwina akudwala chikhodzodzo, mwina wasokonezeka ndi kusamuka kapena mphaka wachilendo, mwinanso mchenga wa m'beseni lake wada ndipo sakuufuna. Usiku akatsekeredwa m'nyumba, payenera kukhala beseni la mchenga woyera, lotayidwa tsiku ndi tsiku, kutali ndi mbale yake yodyera. Kumukhuthiza mphuno pamkodzo kumangomuonjezera mantha.

Yang'anitsitsani mmene akukodzera. Ngati akukhala pansi pafupipafupi n'kumatulutsa timadontho, akulira pokodza, kapena mumkodzo muli magazi, pitani naye kwa a vetenale. Wamwamuna amene akudzikakamiza koma osatulutsa kanthu ndiye kuti njira yatsekeka, ndipo angafe mkati mwa masiku awiri kapena atatu. Ameneyo musadikire naye kuti kuche.